CHIPANGIZO CHODZIYESA CHOKHA NDI ANTHU AMENE ADACHIPANGA

Mkaka wa m'masitolo usanathiridwe m'mapaketi umayamba watenthetsedwa kufikira madigiri 72 kwa masekondi 15, kuti tizilombo toyambitsa matenda tife. Mkakawo umayenda m'mipope yachitsulo yotsekeka, mmene diso silingaone ndipo chala sichingafikemo. Woyang'anira makina alibe china chodalira koma nambala imene chipangizo choyezera kutentha chikumuonetsa. Tsono chipangizocho chikanena kuti kutentha kwafika pa 72 pamene kwenikweni kuli pa 69, mkaka umatuluka woyera bwino ndi wokoma bwino, koma tizilombo tina tikali moyo, ndipo woyamba kudziŵa za bodzalo amakhala mwana amene waumwa.

Nkhani ndi yomweyo m'mafakitale opanga mankhwala, mmene mathanki ndi mipope zimaphikidwa ndi nthunzi ya madigiri 121 kuti pasatsale kachilombo ndi kamodzi komwe. Ndi yomweyonso kwa oumitsa tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kwa alimi a fodya woumitsa ndi moto, ndi kwa azaumoyo osunga katemera, amene mitundu yake yambiri imafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ponseponse pamene kutentha kukuyang'aniridwa, chuma ndi miyoyo zimakhala m'manja mwa kachipangizo kosaposa chala kunenepa. Nkhani ya lero ikukamba za kampani ina yopanga zipangizo zotere, ya Endress+Hauser, za chipangizo china chimene idapanga, ndiponso za mkhalidwe wa pa ntchito umene udachititsa kuti nzeru yotero ipezeke.

Kampaniyi idayamba pa 1 February 1953 m'tauni ya Lörrach, kum'mwera kwa dziko la Germany, pafupi ndi malire a Switzerland. Adaiyambitsa anthu aŵiri osiyana kwambiri. Georg Endress adali injiniya wa ku Switzerland wa zaka 29, wamagazi otentha ndi wokonda zatsopano, pamene Ludwig Hauser adali bambo wa zaka 58 wa ku Germany, wozoloŵera ntchito za ku banki ndi kusamala khobidi lililonse. Mpamba wawo udali ndalama za Deutsche Mark zokwana 2,000 zokha, ndipo ofesi yawo yoyamba idali m'nyumba yogonamo ya Hauser. Poyamba ankagulitsa zipangizo zochokera ku England zoyezera kuchuluka kwa zinthu m'mathanki, kenaka adayamba kupanga zawozawo. Hauser atamwalira m'chaka cha 1975, kampani yonse idakhala m'manja mwa banja la Endress. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 idagula kampani yakale ya Wetzer ya m'chigawo cha Bavaria, ndipo nthambi imeneyi, imene likulu lake lili ku Nesselwang m'tsinde mwa mapiri a Alps, ndiyo idadzakhala phata la ntchito yopanga zoyezera kutentha. Pofika m'chaka cha 2023 kampani yonse idali ndi antchito oposa 16,000 m'maiko ambiri, ndipo idagulitsa katundu wa ndalama za euro zokwana 3.7 biliyoni.

Kuti omvera amvetse chimene anthu ameneŵa adachita, nkofunika kufotokoza kaye mmene chitsulo chimadziŵira kutentha. Njira zazikulu zilipo ziŵiri. Yoyamba idachokera kwa Thomas Seebeck wa ku Germany, amene m'chaka cha 1821 adapeza kuti mawaya aŵiri a zitsulo zosiyana akalumikizidwa, polumikizirapo nkutenthedwa, pamabadwa mphamvu pang'ono ya magetsi, imene imakula kutentha kukamakula. Zipangizo za mtundu umenewu nzolimba, ndipo zina zimapirira moto wa m'ng'anjo woposa madigiri 1,000. Njira yachiŵiri imadalira chitsulo chamtengo wapatali chotchedwa pulatinamu. Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono pamene akudutsamo, monga momwe mpope wopapatiza umachedwetsera madzi, ndipo waya wa pulatinamu akamatentha kukaniza kwakeko kumakwera mwadongosolo. William Siemens adalongosola nzeru imeneyi ku London m'chaka cha 1871, ndipo Hugh Callendar wa ku Cambridge adaikonza bwino m'chaka cha 1887. Chipangizo chofala masiku ano chimatchedwa Pt100, popeza kukaniza kwake kumakhala ma ohm 100 pa mlingo umene madzi amaundana, ndi ma ohm 138.5 pa madigiri 100. Kachidutswa ka pulatinamuko kaŵirikaŵiri kamachepa ngati njere ya mpunga, ndipo kamatsekeredwa m'kampope ka chitsulo chosachita dzimbiri. Pamene pakufunika muyeso wosaphonya, monga pa mkaka ndi mankhwala, njira yachiŵiriyi ndiyo imakondedwa.

Komatu chipangizo chilichonse chimakalamba. Kunjenjemera kwa makina, kutentha ndi kuzizira kosinthanasinthana, ndi chinyezi choloŵa mkati zimachisokoneza pang'onopang'ono, kufikira chitayamba kunena nambala yosiyana ndi yeniyeni. Choopsa nchakuti sichileka kugwira ntchito. Chikadafa, aliyense akadaona. Koma icho chimapitiriza kuonetsa nambala molimba mtima, ngati mboni yonama imene nayonso ikukhulupirira bodza lake. Amene amagula nyama kapena chimanga pa msika akudziŵa za sikelo imene imatha kusokonekera mwini wake osadziŵa, ndipo nchifukwa chake muno m'Malaŵi bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, limayesa masikelo a amalonda ndi miyala yodziŵika kulemera kwake. Choyezera kutentha chimayesedwanso motero. Mmisiri amaimitsa makina, namasula chipangizo, nachiika m'mafuta kapena m'chitsulo chotenthetsedwa pa mlingo wodziŵika pambali pa chipangizo china chodalirika, nayerekeza manambala a ziŵirizo, nalemba zotsatira zake m'buku.

M'mafakitale ambiri ntchito imeneyi imachitika kamodzi kapena kaŵiri pa chaka, chifukwa imadya nthaŵi ndi ndalama, ndipo fakitale imodzi ikhoza kukhala ndi zipangizo mazanamazana. Apa ndipo pagona vuto. Chipangizo chikayesedwa mu June nkupezeka chili bwino, kenaka nkupezeka cholakwa mu December, palibe amene anganene tsiku limene chidayamba kunama. Mankhwala onse opangidwa m'miyezi 6 imeneyo amakhala okayikitsa, pamene ena adagulitsidwa kale, ena odwala adamwa kale. Eni fakitale amayamba kufufuza m'mabuku, mwina kutaya katundu wambiri, mwinanso kuitanitsa amene ali kale m'masitolo.

Mainjiniya a Endress+Hauser, pogwirizana ndi akatswiri a pa yunivesite ya zaumisiri ya ku Ilmenau, adadzifunsa ngati nkotheka kuika mwala woyesera mkati mwa sikelo momwemo. Yankho adalipeza m'nzeru yakale ya Pierre Curie wa ku France, amene m'chaka cha 1895 adaonetsa kuti chitsulo chikatenthedwa kupitirira mlingo wina chimaleka kukokedwa ndi maginito. Kwa chitsulo wamba mlingowo ndi madigiri 770, ndipo susuntha, popeza ndi chibadwa cha chitsulocho. Ziliponso zinthu zina zimene zimasintha mwadzidzidzi kasungidwe kake ka magetsi zikafika pa mlingo wake, ndipo mlingo umenewunso umatchedwa ndi dzina la Curie. Akatswiri aja adasankha chinthu chimene chimasintha pa madigiri 118, naika kachidutswa kake pambali pa pulatinamu uja, m'kampope kamodzimodzi.

Nambala ya 118 sadaisankhe mwangozi. M'mafakitale a zakudya ndi mankhwala mipope imaphikidwa ndi nthunzi ya madigiri 121 kapena kuposerapo kaŵirikaŵiri, kwina tsiku ndi tsiku. Nthunziyo ikatsekedwa, mipope imayamba kuzizira, ndipo siingachitire mwina koma kudutsa pa 118. Pa kamphindi komweko kachidutswa kaja kamasintha, ndipo ubongo wamagetsi wa chipangizocho umayang'ana nambala imene pulatinamu akunena. Akanena 118, zonse zili bwino. Akanena nambala yotalikira kuposa malire amene eni fakitale adaika, kanyali ka pa chipangizo kamasintha mtundu ndipo uthenga umapita kwa woyang'anira. Chipangizochi chimasunga zotsatira za mayeso 350 omalizira, kotero kuti oyendera a boma akabwera umboni umakhala ulipo. Motero cholakwa chimene chikadabisala miyezi 6 chimadziŵika katundu wina asanapangidwe. Adachitcha iTHERM TrustSens, ndipo m'chaka cha 2018 chidalandira mphotho ya Hermes Award pa chionetsero chachikulu cha zamafakitale cha ku Hannover.

Chipangizochi chili ndi malire ake. Chimadziyesa pa mlingo umodzi wokha, ndipo chimathandiza pokhapokha pamene kutentha kumadutsa pa mlingowo; sichidapangidwire ng'anjo ya simenti kapena ya zitsulo. Ngakhale zili tero, pa ntchito imene chidapangidwira chidachotsa nkhaŵa imene idasautsa amisiri kwa zaka zambiri.

Nzeru ya Curie idakhala m'mabuku zaka zoposa 100, ndipo aliyense wophunzira sayansi akadatha kuiŵerenga. Chimene chidasoŵa ndi anthu odziŵa zinthu ziŵiri pamodzi: zimene mabuku amanena, ndi zimene zimachitika m'fakitale ya mkaka usiku pamene mipope ikuphikidwa. Anthu otere sagulidwa pa msika. Amaleredwa, ndipo kuleredwa kwawo kumatenga zaka. Apa ndipo mkhalidwe wa pa ntchito umaloŵera m'nkhaniyi.

Choyamba ndi maphunziro a achinyamata. Ku Germany ndi ku Switzerland kuli mwambo wakuti mnyamata kapena mtsikana akatsiriza sukulu aloŵe m'kampani ngati wophunzira ntchito kwa zaka 3 kapena 4. Masiku ena amakhala m'kalasi pa sukulu ya zaumisiri, masiku ena amakhala pa benchi pambali pa mmisiri wamkulu, ndipo amalandira kamalipiro pamene akuphunzira. Endress+Hauser imatenga achinyamata otere chaka ndi chaka. Mmodzi wa iwo adali Matthias Altendorf, amene adaphunzira umakaniko pa fakitale ya kampaniyi ku Maulburg, napitiriza maphunziro ake, nakwera pang'onopang'ono kufikira m'chaka cha 2014 pamene adakhala mkulu woyendetsa kampani yonse, woyamba wosachokera m'banja la Endress. Adagwira udindowo mpaka kumapeto kwa 2023. Akale adati mmera mpoyamba, ndipo wophunzira ntchito amene akudziŵa kuti mkulu wa kampani adayambira pa benchi ngati yakeyo amasula chitsulo ndi mtima wina.

Chachiŵiri ndi mphotho ya woganiza. M'malo ambiri a ntchito munthu wamng'ono akapeza njira yabwino amangokhala nayo chete, podziŵa kuti akainena dzina lotchuka lidzakhala la bwana. Ku Germany kuli lamulo la m'chaka cha 1957 lonena za zinthu zatsopano zotulukiridwa ndi antchito. Lamulolo limati wantchito akatulukira chinthu pa ntchito yake adziŵitse kampani, ndipo kampani ikachitenga iyenera kumlipira molingana ndi phindu lake, pamwamba pa malipiro ake a pa mwezi. Endress+Hauser idaonjezapo mwambo wakewake. Kuyambira m'chaka cha 2000 imasonkhanitsa chaka chilichonse antchito ake amene adalembetsa nzeru zatsopano ku boma kuti zitetezedwe ndi chikalata chotchedwa patent, ndipo pamsonkhanopo amapatsidwa mphotho pamaso pa anzawo. Kampaniyi imalembetsa nzeru zatsopano zoposa 200 pa chaka, ndipo zikalata zake zonse zimapitirira 8,000.

Pa mphothozo pali ina yofunika kuiganizira bwino. Imaperekedwa kwa anthu amene, m'malo mopanga chawochawo, adatenga nzeru yopangidwa kale ndi anzawo a nthambi ina naigwiritsa ntchito. Munthu wophunzira amakhala ndi kamtima kofuna kuti chilichonse chikhale ndi dzina lake, ndipo kamtima kameneka kamaonongetsa ndalama ndi nthaŵi, chifukwa magulu aŵiri amatha kulimbana ndi vuto limodzi popanda kulankhulana. Kulemekeza wobwereka nzeru pamodzi ndi mwini nzeru ndi njira youzira antchito kuti kufunsa kwa mnzako sikuchepetsa munthu. Safunsa adadya phula.

Chachitatu ndi kuleza mtima pa ndalama. Kafukufuku amadya chuma zaka zambiri asanabweze kanthu, ndipo zoyesa zambiri zimathera panjira. M'chaka cha 2023 kampaniyi idaika pa kafukufuku ndi kupanga zatsopano ndalama zoposa 7 pa 100 iliyonse imene idapeza pogulitsa katundu. Popeza eni ake ndi banja limodzi, ndipo magawo ake sagulitsidwa pa msika wa masheya, palibe anthu akunja oumiriza kuti phindu lioneke miyezi 3 iliyonse. Kuleza mtima komweko kumafikanso kwa antchito. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utagwedeza malonda pa dziko lonse, zogulitsa za kampaniyi zidatsika pang'ono, koma chiŵerengero cha antchito ake sichidatsike, chidakwera pang'ono. Pali chifundo pamenepa, koma palinso masamu. Mmisiri amene watha zaka 15 akuwotcherera timawaya tochepa ngati tsitsi ali ndi nzeru m'zala zake imene siilembedwa m'buku lililonse, ndipo akachotsedwa pa nthaŵi ya njala sapezekanso pa nthaŵi ya zokolola. Ndiponso munthu amene akuopa kuchotsedwa maŵa sayesa chinthu chimene chingalephereke. Amangochita zimene adauzidwa.

Chachinayi ndi kumvera ogula. Georg Endress, amene adamwalira m'chaka cha 2008, adasiya mawu amene kampaniyi imawabwerezabe, akuti munthu ayambe watumikira, phindu libwere pambuyo. Tanthauzo lake limaoneka m'tinthu ting'onoting'ono. Pa zoyezera kutentha zina za kampaniyi pali khosi lotchedwa QuickNeck, limene mmisiri amangolipotoza ndi dzanja, mtima wa chipangizo nkutuluka kukayesedwa, popanda sipanala, popanda kumasula mawaya, mpope wa mkaka uli chitsekere. Pamenepa palibe sayansi yozama ya Curie. Pali maso a munthu amene adaima m'fakitale ya wina naona mmisiri akutaya nthaŵi ndi mabawuti, ndiponso pali njira yoti zimene adaonazo zikafike kwa ojambula mapulani. Kampani imene wogulitsa malonda salankhula ndi injiniya, ndipo injiniya salankhula ndi wa pa benchi, siingapange khosi lotere ngakhale itakhala ndi madokotala a sayansi ochuluka chotani.

Wina akhoza kunena kuti zonsezi nzosavuta kwa kampani yolemera ya m'dziko lolemera, ndipo m'mawu akewo muli choonadi. Sukulu za zaumisiri, mayunivesite ofufuza ndi malamulo oteteza antchito sizidamangidwe ndi kampani imodzi. Idazipeza zilipo, nizigwiritsa ntchito. Ndiponso kukhala m'manja mwa banja si mankhwala a zonse. Mabizinesi ambiri a mabanja, ku Ulaya ndi kuno komwe, amagwa mwini wake akangoikidwa m'manda, ana atayamba kukanganirana chuma, kapena mphwake wosadziŵa ntchito atapatsidwa mpando chifukwa cha magazi. Georg Endress adali ndi ana 8, ndipo ngozi imeneyi idali pakhomo. M'chaka cha 2006 banjalo lidalemba chikalata cha malamulo ofotokoza mmene liyenera kukhalira ndi kampani, ndipo patapita zaka 8, pamene Klaus Endress, amene adatsogolera kuyambira 1995, adachoka pa mpando woyendetsa ntchito, mpandowo udapita kwa uja adayambira pa umakaniko. Eni chuma adadziikira okha muyeso, navomera kuyesedwa nawo.

Apa nkhani ya chipangizo ndi nkhani ya anthu zikukumana. Choyezera kutentha cha ku Nesselwang sichidalirika chifukwa chakuti sichingalakwe. Pulatinamu wake amakalamba monga wina aliyense. Chimadalirika chifukwa chili ndi mboni yachiŵiri mkati mwake, imene imachiyesa kaŵirikaŵiri ndi kuulula cholakwa chikadali chaching'ono. Malo a ntchito nawonso amasokonekera pang'onopang'ono popanda phokoso: njira imene idali yabwino zaka 10 zapitazo imayamba kutayitsa katundu, makina amayamba kulira mwachilendo, ogula amayamba kudandaula chamumtima. Oyamba kuona zimenezi amakhala a pansi, woyendetsa makina, wonyamula katundu, kalaliki wa pa kauntala. Iwo ndiwo mboni yachiŵiri ya bizinesi iliyonse. Akaphunzitsidwa bwino amadziŵa chimene akuona. Akakhala opanda mantha amachinena. Ndipo akaona kuti wonena amathokozedwa, amabweranso ndi njira yokonzera.

Zimenezi sizilira ma euro mabiliyoni. Mwini chigayo, mwini galaja ndi woyang'anira fakitale ya tiyi ali nazo kale mboni zotere pa malo pawo, ndipo amazilipira mwezi ndi mwezi. Chimene aliyense wa iwo angadziyese nacho ndi kuŵerenga masiku amene amapita kuchokera pamene wantchito wamng'ono waona cholakwa kufikira pamene mkulu wamva. Masikuwo akakhala ambiri, katundu yense wopangidwa pakatipo ndi wokayikitsa, monga mankhwala aja a pakati pa June ndi December.